Ndimayesa seva ndi munthu

Aphungu,

Mundikhululukire ngati kalatayi ikudumphadumpha, chifukwa mwini wakene masiku ano sindikuponda pansi bwinobwino. Ndine namwino, ndili ndi zaka 44, ndipo ndagwira ntchito m'chipatala cha boma zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Pa 1 mwezi wamawa ndikukakhala mkulu wa anamwino pa kiliniki yatsopano ku Area 14. Anamwino ake tilipo awiri okha, koma musandiseke, ukulu ndi ukulu. Mayunifomu ndasoketsa kale awiri kwa telala wa ku Old Town. Dzulo ndidavala imodzi n'kumasesa nayo pabalaza, mpaka amuna anga adafunsa ngati m'nyumba muno muli wodwala amene iwo sakumudziwa.

Mwini kiliniki ndi Dokotala Sarla, mayi wachimwenye wobadwira konkuno, pamwamba pa sitolo ya nsalu ya bambo awo. Tidagwira limodzi ntchito kuwodi ya amayi zaka zinayi, ndipo Chichewa amachilankhula kuposa ana anga. Chiyambire pomwe maofesi a boma amene adatsalira ku Blantyre ndi ku Zomba adayamba kusamukira kuno ku Lilongwe, malole a katundu sakutha mumsewu. Nyumba za ku Area 14 ndi Area 15 zadzaza mabanja achilendo, ndipo onsewa adasiya madokotala awo kummwera. Adokotala ataona zimenezi adapeza nyumba ya zipinda zinayi, kuipentetsa yoyera, n'kundiitana.

Masiku khumi apitawo adandiuza kuti, "Anesi, ine sindikufuna makadi a odwala odzaza m'makatoni ngati kumene tachokera kuja. Tigula pulogalamu ya kompyuta yosungira mbiri za odwala. Ine ndikupita ku Joni kukasankha zipangizo, ndibwera pakatha sabata ziwiri. Woigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndinu, ndiye sankhani inuyo, ine ndidzangosayina."

Ndidayankha kuti, "Pitani bwino adokotala, zimenezo n'zazing'ono."

Aphungu, kompyuta imene ndidaikhudzapo m'moyo mwanga ndi ya kumalo otayipitsa makalata, ndipo kuikhudza kwake kudali kuitsamira podikira kalata yanga.

Adokotala adandisiyira mayina a ogulitsa awiri. Lolemba ndidayamba ndi kampani ina ya ku City Centre. Ofesi yake ya kapeti, mphepo yozizira ikutuluka pakhoma, ndipo wogulitsa wake, bambo wa tayi yofiira dzina lake Redson, adandikokera mpando n'kumanditchula kuti Madamu Metironi. Ine kumva zimenezo mutu udakula. Adayatsa kompyuta, n'kuyamba.

"Madamu, pulogalamu yathu ili ndi detabesi imodzi, mayuza asanu pa layisensi, ndipo bakapu imachitika yokha. Koma chachikulu, mupeze seva wamphamvu. Seva wosatopa, wogwira ntchito usana ndi usiku. Mumupatse kachipinda kakekake kokhoma, kozizira bwino, ndipo asamasowe magetsi."

Ndidagwedeza mutu ngati gulo. Pa mawu onsewo ndidatolapo amodzi okha, ndipo Chingerezi changa cha Fomu 4 chidandinong'oneza kuti seva ndi munthu wotumikira. Ndili m'minibasi ndidakumbukira msuweni wanga Bonface, mlonda wa panyumba ina ku Area 15. Bambo wojintcha, wa kwathu ku Nathenje, zaka khumi ali pageti, mvula ndi chisanu zikumuthera pathupi. Ndidatsika msanga n'kupita konko.

"Asuweni, ntchito yapezeka," ndidatero. "Akufuna munthu wamphamvu, wosagona. Chipinda chanuchanu, chamagetsi."

"Zoona asuweni? Nanga ntchito yake ndi yotani?"

"Useva. Mukadzayamba mudzaimva."

Adavula chipewa n'kupemphera pageti pomwepo. M'mawa mwake adauza mabwana ake kuti mwezi ukatha asiya ntchito, ndipo mkazi wake adanditumizira tambala. Tambalayo tidadya.

Lachitatu ndidapita kwa wogulitsa wachiwiri, bambo Hamdani, ku Old Town. Kachipinda kawo kali pamwamba pa sitolo yogulitsa mafoni, masitepe ake opapatiza, mawaya ali balala paliponse. Ndi bambo wa ndevu za imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Sadandionetse kanthu poyamba. Adangondifunsa kuti tikuyembekeza odwala angati pa tsiku, ndani adzakhale pakhomo polandira anthu, ndiponso ngati tili ndi injini ya magetsi. Ine pofuna kuti asandione ngati mbuli ndidati, "Za seva musavutike, ndamupeza kale. Ndi wa kwathu, samwa mowa, ndipo akuyamba pa 1."

Adavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Kenaka adaloza ndi phazi bokosi lachitsulo limene linkang'ung'udza pansi pa tebulo lawo.

"Mayi, seva ndi uyu."

Ndidaseka mpaka misozi, Aphungu. Ndidaseka mpaka bambowo adandithirira madzi m'kapu, iwonso mapewa akugwedezeka. Kuseka kudandithera pamasitepe potsika, nditakumbukira tambala uja.

Ndisananyamuke adandionetsa pulogalamu yawo. Ndi yosakongola, yotuwa ngati phulusa, timabokosi tokhatokha. Adati, "Mubwere ndi makadi khumi a odwala ongopeka, mudzawalembe nokha ine ndili pambali." Koma mtima wanga udali utatsala ku City Centre. Ya a Redson ndi yamitundumitundu, imaonetsa chithunzi cha wodwala, ndipo imasindikiza khadi lokhala ndi dzina la kiliniki pamwamba, m'mbali mwake muli maluwa. Ndinkadziona kale ndili mu yunifomu yanga, ndikupereka khadi limenelo kwa akazi a mabwana a ku Capital Hill.

Ndiye Lachinayi ndidabwerera kwa a Redson, nditatsimikiza kuti ulendo uno ndifunsa. Ndidati, "Detabesi mumanena ija n'chiyani?"

"Funso labwino, Madamu. Ndikuonetseni yeniyeni, muone mmene ikuwathandizira anzanu."

Adanditembenuzira kompyuta. Padatuluka mndandanda wa mayina, mazanamazana, a kiliniki ina ya mumzinda muno imene idagula kwa iwo. Adati ndidine chilembo chilichonse. Ndidadina ndi chala chimodzi, mayina n'kuthamanga okha. Ndidadina china, n'kuthamanganso. Ndidasangalala ngati ndapalasa njinga koyamba. Podina kachitatu ndidaona dzina limene ndimalidziwa, la mayi amene timaimba limodzi kwaya. Chala changa chidaima. A Redson adayesa ndasowa chochita, ndiye adadina dzinalo kuti andithandize. Zonse zidatseguka: tsiku limene mayiwo adayezetsa, zimene adawapeza nazo, ndi mankhwala amene amakatenga mwezi ndi mwezi.

Ndidafunsa kuti, "Awa ndi anthu enieni?"

"Eya, tidakopa pomwe tinkakonza kompyuta yawo. Timangoonetsera basi. Inu ndinu achipatala, palibe vuto."

Atatero adapitiriza kundionetsa kasindikizidwe ka khadi la maluwa lija.

Chichokereni kumeneko ndili pawiri. Mbali ina ya mtima ikuvinabe. Ndikadutsa pa kiliniki ndimaima kunja kwa mpanda kumangoyang'ana chikwangwani, ndipo ndayeserera kale kuyankha foni m'mawu atatu osiyana. Koma Lamulungu kutchalitchi mayi aja adaima pambali panga, tikugawana buku limodzi la nyimbo, ndipo ndidaiwala nyimbo imene ndaimba zaka makumi awiri.

Adokotala akubwera Lachisanu likudzali. A Redson atumiza kale fomu, yangotsala kusayina. Ndithandizeni. Layisensi, yuza ndi bakapu n'chiyani? Ndikuopa kulonjezanso wina wa kwathu ntchito ya ubakapu. Zimene adachita a Redson ndi mmene zimakhalira kwa anthu a makompyuta, kapena ndi ine ndikukulitsa nkhani? Adokotala ndiwauze kuti sindinkadziwa kanthu, atandikhulupirira chonchija? Nanga asuweni anga, amene mpaka lero akuuza anthu ku Nathenje kuti akukakhala seva, ndiwatani?

E.Z., Lilongwe

Mayi E.Z.,

Mafuno abwino pa ntchito yatsopanoyi. Yunifomu valani, seserani nayo ngati mukufuna, mwaigwirira ntchito zaka zambiri. Nkhani ya seva yandiseketsa mpaka anzanga muofesi muno adabwera kudzaona chachitika. Koma ndiyamba ndi zosaseketsa.

Mukawerenga kalata yanu m'nyuzi muno muona kuti mwasowa mizere iwiri. Mudalemba dzina la tchalitchi chanu, mudalembanso dzina la matenda a mayi aja. Ndachotsa, ndipo mayina ena onse ndasintha. Kwaya ya amayi sikhala ndi anthu chikwi, akadadziwika Lamulungu lomwelo. Sindikukunyozani, ndikudziwa mudalemba mtima uli m'mwamba. Ndikungofuna muone kuti chinsinsi cha wodwala chikangotuluka m'chipinda cha dokotala chimayenda msanga, ngakhale m'manja mwa anthu abwino. Chachoka kwa dokotala wawo, chafika kwa wogulitsa, chafika kwa inu, chafika kwa ine, ndipo chidatsala pang'ono kufika kwa aliyense wogula nyuzi ino.

Ndiye fomu ya a Redson musaipereke kwa adokotala kuti asayine. Simukukulitsa nkhani, ndipo si mmene anthu onse a makompyuta amachitira. Wogulitsa wolongosoka amaonetsera ndi mayina opeka. Munthu amene wakutsegulirani mbiri za odwala a eni ake kuti akusangalatseni, chaka chamawa adzatsegulira wina za odwala anu. Maluwa a pakhadi telala wanu akhoza kukupeterani pa nsalu ya patebulo.

Tsopano mawu aja. Nanenso sindinkawadziwa onse. Ndidakhazika pansi a Harry, amene amasamalira makompyuta a pa ofesi yathu, n'kuwaletsa Chingerezi kwa ola lathunthu. Adavutika, koma zidatheka.

Detabesi ndi kabati ija ya makadi a odwala, kungoti ili m'kati mwa kompyuta. Seva mwamuona kale, ndi kompyuta imene imasunga kabatiyo kuti makompyuta ena a m'zipinda aziwerenga kuchokera kwa iyo. A Harry akuti pa kiliniki ya zipinda zinayi nthawi zambiri kompyuta imodzi yabwino imakwana, choncho wina akakuuzani kuti mufunika chimakina chachikulu, akuuzeninso chifukwa chake.

Yuza ndi munthu aliyense wololedwa kutsegula kabatiyo. Ameneyu ndiye munthu weniweni, inuyo mukhala mmodzi. Aliyense amakhala ndi mawu ake achinsinsi otsegulira, ngati kiyi. Apa funsani mafunso awiri. Kodi wolandira anthu pakhomo adzatha kuona zotsatira za magazi, kapena adzangoona dzina ndi tsiku lobwera? Ayenera kuona dzina ndi tsiku basi. Kodi pulogalamuyo imasunga kuti wakuti adatsegula khadi la wakuti tsiku lakuti? Ngati siyitero, tsiku limene nkhani ya wodwala idzamveke kumsika mudzangoyang'anana.

Bakapu ndi kukopera zonse za m'kabati n'kuzisunga pena, kuti kompyuta ikapsa kapena ikabedwa musatsale manja okhaokha. Wogulitsa akati imachitika yokha, funsani kuti zokoperazo zikupita kuti. Ngati zikukhala m'bokosi lomwelo, wakuba adzanyamula zonse pamodzi. Ziyenera kukhala pa chimbale china, chotsekeredwa malo amene kiyi wake ali ndi adokotala, osati m'chikwama cha wogulitsa. Ndipo musakhutire ndi mawu. Lembani wodwala wopeka, mumufufute, kenaka muwauze amubweze inu mukuona.

Layisensi ndi chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamu. Pulogalamuyo siyikhala yanu, imakhalabe ya amene adaipanga. Mayuza asanu pa layisensi ndiye kuti anthu asanu okha ndi amene angalowe, wachisanu ndi chimodzi muyenera kukapemphanso. Funsani kuti chilolezocho chimatha liti. Funsaninso kuti chikatha, kapena mukayambana nawo, mbiri za odwala anu mudzazitulutsa bwanji. Yankho lake lilembedwe pa pepala la mgwirizano. A Harry awonjezera kuti mufunse chimene chimachitika magetsi akazima wodwala ali pampando, ndipo makadi apepala osalemba muzisungako ndithu m'dirowa.

Mawu ena atsopano mudzakumana nawo, sindingawathe onse pano. Mankhwala ake ndi amodzi: "Ndiuzeni m'Chichewa, kenaka mundionetse." Wogulitsa amene sangathe kutero mwina sakuchidziwa chinthu chakecho, mwina pali chimene akubisa. Inuyo mumachita zimenezi tsiku lililonse. Mayi wa kumudzi simumuuza dzina la m'buku la matenda ake, mumati magazi akuthamanga, ndipo mumamuuza abwereze kamwedwe ka mankhwala kuti muone ngati wamva. Mukudziwa zimene zimamuchitikira wodwala wongogwedeza mutu. Ku City Centre kuja wodwala ameneyo mudali inu.

Bwererani kwa bambo Hamdani ndi makadi khumi opeka aja. Chimene chandikomera mwa iwo n'chakuti adayamba ndi kufunsa za ntchito yanu. Koma ndevu za imvi si umboni. Afunseni mafunso onsewa, ndipo muwonjeze ili: akabwera kudzakonza kompyuta, amachoka ndi chiyani? Apempheni akuuzeni kiliniki imodzi imene ikugwiritsa ntchito pulogalamu yawo, mukacheze ndi kalaliki wa kumeneko, osati mwini wake. Kalaliki ndi amene amadziwa pamene imavuta. Ngati nthawi ilipo, onaninso wogulitsa wachitatu. Kiliniki ikhoza kutsegulidwa pa 1 ndi makadi apepala, odwala sathawa chifukwa cha zimenezo.

Adokotala auzeni zonse Lachisanu. Yambani ndi nkhani ya seva, aseke kaye. Sadakusankheni chifukwa cha luso la makompyuta, adakuonani kuwodi zaka zinayi. Kenaka auzeni zimene mudaona, osatchula dzina la mayi aja. Iwo ngati dokotala aimbire mwini kiliniki inayo, amuuze kuti mbiri za odwala ake zikuonetsedwa kwa alendo. Mwina sakudziwa, ndipo ndi iye angaletse.

Za a Bonface musadikire Lachisanu, pitani lero. Mabwana awo akapeza mlonda wina, kuseka kwa nkhaniyi kutha, chifukwa pakhomo pawo pali ana ofuna kudya. Auzeni poyera kuti seva ndi bokosi ndipo wolakwa ndinu. Mupite nawo limodzi kwa mabwana awo, mukafotokoze ndi pakamwa panu kuti mudawasocheretsa ndinu, asawaone ngati munthu wosakhazikika. Tambala gulani wina mubweze. Adzakana, koma musiyeni pakhomo. N'zoona kuti kiliniki yosunga mankhwala ifunika mlonda, ndipo mukhoza kuwatchula kwa adokotala, koma kwa a Bonface musanene kanthu mpaka adokotala atavomera. Chisuweni chimalola nthabwala, adzakutchulani Mayi Seva mpaka kukalamba, ndipo muzivomera.

Chenjezo langa lili pa mayi a kukwaya aja. Simuuza munthu, ngakhale amuna anu, zimenezo mukuzidziwa kale ngati namwino. Chimene ndikuopa ndi chifundo chanu. Mudzafuna kuwanyamulira chikwama, kuwapatsa mpando, kuwagwira dzanja nthawi yaitali powafunsa kuti adzuka bwanji. Munthu wosunga chinsinsi amaona msanga zoterezi, ndipo adzayamba kudzifunsa kuti wina ndaninso akudziwa. Akhoza kusiya kwaya, akhozanso kuopa kupita kukatenga mankhwala. Sadakuuzeni kanthu, choncho simukudziwa kanthu. Ngati mumawaseka akachedwa, asekenibe. Ngati mumawadzudzula akalakwitsa nyimbo, Lamulungu lino akalakwitsa adzudzuleni.

Phungu wanu